Dzutsa Mutu, Ndione Mawu Ako

Ndikakumbukira agogo a Mwaisango, ndimamva fungo la dizilo losakanikirana ndi utsi wa mankhusu a mpunga, utsi wosathima uja umene unkafuka pang'onopang'ono pamulu wa kuseri kwa chigayo kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Ndimaona bambo wamfupi wamapewa otambalala, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi, ataima pambali pa injini ndi kachitini ka oyilo m'manja, lamba akuwomba, malata a denga akunjenjemera, azimayi atakhala panja pa mtengo wa mango akupeta ndi malichero awo. Sanali agogo anga enieni. Tinkangoyandikana nyumba ku Iponga, kumene abambo anga anawatumiza kukaphunzitsa kuchokera kwathu ku Dowa ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ana onse a mumzere wa nyumba za aphunzitsi tinkawatchula agogo, koma ine ndili ndi chifukwa changa. Khutu limene ndikumvera lero, lakumanzereli, anandipulumutsira ndi iwowo.

Chigayo sichinali chawo. Mwini wake ankakhala ku boma, ankangobwera kamodzikamodzi ndi zigubu za dizilo. Agogo ndiwo ankatsekula m'mawa, kuthira madzi mumgolo woziziritsa injini, kulavulira m'manja, kupukusa handulo mpaka injini itatsokomola n'kugwira. Ikagwira, basi, dziko lonse linkakhala la injiniyo mpaka dzuwa litapendeka. Anagwira ntchito imeneyo kuyambira ali mnyamata, ndipo pamene ife tinkafika n'kuti makutu awo atapita kale kwambiri.

Ankalankhula mokuwa chifukwa sankadzimva okha. Moni wawo wa m'mawa unkamveka mzere wonse. Akafuna kunong'oneza amayi anga kuti nkhuku yathu yalowanso m'dimba mwawo, ahedi ankadziwa nkhaniyo ali m'bafa. Chichewa chawo chinali cha kuno, cholemera ndi Chinkhonde, ndipo munthu akawapatsa kanthu ankati “ndaga,” zikomo wa kwawo, kawiri katatu ndi mawu oti ungaganize kuti akukalipa. Ana tinkawaseka. Tinkawazembera kumbuyo n'kumaitana kuti “agonthi, agonthi,” iwo osatembenuka, ife n'kumagubuduka ndi phwete. Ineyo ndinachita nawo, sindikana, ndipo ndikamakumbukira manyazi amandigwirabe.

Vuto langa linayamba chaka chathu chachiwiri ku Iponga. Mvula ikagwa kumeneko madzi amadzaza m'minda ya mpunga ndi m'ngalande zonse, ndipo ine mwana wa ku Dowa, amene ndinali ndisanaonepo madzi ambiri chotero, ndinkasambira m'ngalandemo tsiku lililonse tikaweruka, ngakhale ndili ndi chimfine. Tsiku lina khutu lakumanja linayamba kuwawa. Linawawa masiku atatu, kuwawa kogunda, mpaka chakudya ndinkachikana. Tsiku lachinayi ndinadzuka ululu utatha, koma pachitenje chimene ndinkatsamira panali mafinya. Amayi anasangalala. Anati chithupsa chaphulika, ndachira.

Koma mafinyawo sanasiye. Ankauma sabata imodzi, n'kuyambiranso. Amayi anachita zimene iwonso anachitiridwa ali mwana: ankafunditsa mafuta ophikira pa supuni, kundigoneka pamiyendo pawo, kudonthetsera m'khutu, kenako n'kutenga nthenga ya nkhuku yososola kusiya kansonga kokha, n'kumapukusa m'katimo. Abale, ndinene zoona, nthengayo inkakoma! Ndinkatsinzina n'kumapempha kuti apitirize. Mayi wina wa kutchalitchi anawauzanso za masamba ena ofinyira madzi ake m'khutu, nawonso tinayesa. Popita kusukulu ankanditseka ndi thonje. Palibe amene anaganiza za chipatala, chifukwa mwana woti akudya, akusewera, thupi silikutentha, ungapite naye kukanena kuti chiyani? Amayi anga sanali osasamala. Ankandikonda, ndipo nthengayo inali njira yawo yondisamalira.

Chaka chinatha. Sindinadziwe kuti ndikusiya kumva, chifukwa sizichitika tsiku limodzi. Ndinkangoona kuti anthu ayamba kulankhulira m'kamwa. M'kalasi ndinkakhala kumbuyo, poti anzanga ankadandaula fungo la khutu langa, ndipo aphunzitsi akatembenukira ku bolodi n'kumalankhula, mawu awo ankasanduka phokoso chabe. Ndinapeza ndekha njira: ndikayang'anitsitsa pakamwa pa munthu, zimene khutu lataya maso ankatola. Sindinkadziwa kuti ndikuchita chinthu chachilendo. Ndinkaganiza kuti aliyense amamva choncho.

Apa ndiye panali mlandu wanga. Kwathu, monga m'makomo ambiri, mwana wamkazi akaitanidwa ndi wamkulu amagwada n'kuzyolika, maso pansi, mpaka wamkuluyo atamaliza. Abambo anga ankaugwiritsa mwambo umenewo kwambiri, makamaka poti tinali alendo m'dera la eni ndipo iwo anali aphunzitsi. Ine ndinkagwada bwinobwino, koma maso ndinkawadzutsa n'kuwaika pakamwa pawo.

“Tiyamike, ukundiyang'ana chiyani ngati ndine mnzako?” ankatero abambo. “Maso pansi!”

Ndinkatsitsa maso. Ndikatsitsa, mawu ankathawa. Ndinkangoti “chabwino abambo” n'kudzuka, osadziwa chimene andituma, n'kukaima kuseri kwa khitchini kudikira kuti mwina amayi abwereza. Ndikayang'ana, wamwano. Ndikazyolika, wosamvera. Akandiitana ndili chakumbuyo osayankha, wamakani. Aphunzitsi anga a Sitandade 4 anakadandaula kwa abambo mu ofesi, pamaso pa aphunzitsi ena, kuti mwana wanu amandituzulira maso koma ndikamufunsa funso amangoti kukamwa yasa. Abambo anabwera kunyumba nkhope ili gwa. Sanandimenye tsiku limenelo. Anangouza amayi, ine ndikuona pakamwa pawo kuchokera pakhomo, kuti teremu ikatha ndipita kwa azakhali ku Dowa ndikaphunzire khalidwe.

Panali patatsala masabata awiri kuti sukulu itsekedwe. Ndipo chimene sindinauze munthu n'chakuti khutu lakumanzere, labwino lija, linali litayamba kulemera ndi kugunda ngati mmene linayambira linzake. Ndinkaopa kuti ndikanena adzati ndikupeka kuti ndisapite ku Dowa.

Malo amene ndinkawakonda kuposa onse nthawi imeneyo anali chigayo. Anthu amadabwa ndikanena. Koma taganizani: m'chigayo injini ikamalira palibe amene amamva. Mfumu, mphunzitsi, mayi wa m'mudzi, onse amakodolana ndi manja n'kumakuwa zopanda pake. M'menemo ndinkafanana ndi aliyense, mwinanso kuwaposa. Choncho amayi akafuna wopita ndi mpunga kuchigayo, ndinkalumpha ndisanatumidwe.

Loweruka lina m'mawa ndinasenza ndowa ya mpunga umene makolo a ana asukulu anapatsa abambo. Nthawi yanga itakwana ndinalowa, ndowa pansi. Injini inali pakalapakala, fumbi lili kobo, pansi pakunjenjemera mpaka m'mano. Agogo anatapa mpunga m'dzanja, kuluma kambewu kamodzi, n'kupukusa mutu. Anandiyang'ana n'kulankhula, koma osakuwa monga mwa masiku onse, poti ankadziwa kuti m'phokoso limenelo ngakhale kukuwa n'kungotaya mphamvu. Anangoyendetsa milomo, ngati munthu wodandaula yekha.

“Mpunga uwu sunaume. Usweka.”

Ine ndinayankha mokuwa, ndikuonetsa zala ziwiri: “Tayanika masiku awiri, agogo!”

Anaima. Mpunga unkatsika m'zala zawo iwo akundiyang'ana. Mayi amene anali pambuyo panga sanamve kanthu, anangoti maso mwaa kudikira nthawi yake. Agogo anawerama pang'ono n'kuyendetsanso milomo.

“Dzina lako ndani?”

“Tiyamike!”

Anavula chipewa chawo, kuphimba nacho pakamwa, n'kulankhulanso. Ndinaona nsagwada zikuyenda kuseri kwa chipewa koma sindinatole kanthu. Ndinangoseka poganiza kuti ndi masewera. Iwo sanaseke. Anatembenuka n'kuzimitsa injini pakati pa ntchito, zimene sankachita ngakhale kutabwera mwini chigayo. Azimayi panja anayamba kudandaula kuti dizilo wathanso kodi.

Ananditulutsa panja n'kundiimika pamthunzi, nkhope yanga kuloza kumsewu. Anapempha mayi wina kuti aime kumbuyo kwanga anditchule dzina ndi mawu wamba, iwo ataima kutsogolo akuyang'ana mayiyo ndi ine. Ndinadikira. Ndinkaona njinga zikudutsa, mbuzi ikudya mankhusu. Nditatopa ndinatembenuka ndekha, n'kupeza azimayi onse asiya kupeta akundiyang'ana. Agogo anachotsa thonje lija m'khutu langa lakumanja, kuliyang'ana, kununkhiza, n'kulitaya. Kenako anagwira kuseri kwa khutu lakumanzere n'kudina pang'ono. Ndinalumpha.

“Limeneli layamba liti?” anakuwa.

“Sabata yatha.”

“Abambo ako akudziwa?”

Ndinapukusa mutu, misozi ili chapafupi. Agogo anabwerera m'chigayo. Analiza injini, kundipunthira mpunga uja, umene unaswekadi monga ananenera, n'kundisenzetsa.

Mawa lake, Lamulungu masana titachoka kutchalitchi, ndinawaona agogo akubwera atavala jekete yawo yakuda yamaliro ndi maukwati, tsitsi atalitsuka mpaka ndinadabwa kuti kani si loyera lonse. Abambo anali pakhonde akuchonga makope. Anawapatsa mpando, amayi anagwada kupereka moni, ine ndinakhala pakhomo la khitchini pamene ndikanaona pakamwa pa onse.

“Aphunzitsi,” anayamba agogo, ndi mawu amene anatulutsa akazi a ahedi m'nyumba, “ndabwera ndi nkhani ya mwana wanu. Mundikhululukire, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma mwana uyu si wamwano. Sakumva.”

Abambo anaika cholembera pansi. Ndinaona kuti zawawawa, kuuzidwa za mwana wawo ndi munthu wa pachigayo, mzere wonse ukumvetsera.

“Amamva akafuna, agogo,” anatero. “Timakhala naye ndife.”

“Mwati bwanji?”

“Ndati amamva akafuna!”

“Eya, nanenso ankanditero akazi anga zaka zambiri,” anayankha agogo osakhumudwa. “Taonani mmene ndakhaliramu. Ndikukuyang'anani pakamwa. Mukatembenuka, mwandisiya. Mwana wanu amayang'ana chimodzimodzi. Dzulo wandimva m'chigayo injini ikulira, pamene munthu wamakutu awiri sangamve. Wamva ndi maso. Ngati mukuti ndikunama, muimikeni apo, inu mupite kumbuyo kwake mumuitane.”

Abambo anazengereza, koma anthu anali atayamba kale kusuzumira, ndipo kukana kukanaoneka mantha. Anandiimika pabwalo kuyang'ana ku mpanda. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana nsungwi za mpandawo, ndikulimbikira kumva ndi mphamvu zanga zonse. Ndinkamva kaphokoso kakutali, kaya ndi mphepo kaya ndi munthu. Amayi anadzandiuza nditakula kuti abambo anaitana dzina langa katatu, koyamba ndi mawu a m'kalasi otsitsa, kachiwiri mokweza pang'ono, ndipo kachitatu mawu awo ananjenjemera. Ine sindinatembenuke ngakhale kamodzi. Chimene ndinamva ndi dzanja lawo paphewa langa.

Titabwerera pakhonde amayi anali akulira mwakachetechete. Anafotokoza za mafuta ndi nthenga ndi masamba aja, akuyang'ana pansi, mpaka agogo anawapempha kuti adzutse mutu abwereze chifukwa sanamve. Atamva anangopukusa mutu.

“Mayi, musadzizunze, tonse tinakula ndi nthenga. Koma lekani lero. Makutu anga ine anadyedwa ndi injini. Ndinapita kuchipatala ku boma mochedwa, anandiyeza, anati za phokoso zikapita zapita, palibe mankhwala obwezera. Anati ndikanamatseka makutu kuyambira kale. Ndani anandiuza kale? Tsopano muno mumangolira nyenje usana ndi usiku. Koma za mwanayu ndi matenda, ndipo matenda ali ndi mankhwala mukafulumira. Lakumanjalo kaya. Lakumanzereli layamba sabata yatha. Mukalichedwetsa, mwana uyu adzakhala ngati ine asanamere n'komwe mawere.”

Amayi anagwira pakamwa, poti mawu otero sanenedwa pamaso pa bambo wa mwana, ndiponso mokuwa chotero. Agogo sanaone cholakwika. Anadzuka, kukonza jekete, n'kunena kuti mawa m'mawa tipita limodzi ku boma.

“Tipita tokha, agogo, musavutike,” anatero abambo. “Nanga chigayo?”

“Chigayo sichidwala. Ndipita nawo kuti musabwerere panjira.”

Anapitadi. Lolemba la nthawi yokolola, matumba atadzaza pa mtengo wa mango, iwo anakhoma loko pachitseko n'kukwera nafe minibasi. Ndinamva pambuyo pake kuti mwini chigayo anawakalipira koopsa. Akazi awo ankati agogo anangoyang'ana kumbali mpaka bwanayo anatopa yekha.

Kuchipatala tinadikira pabenchi mpaka dzuwa litafika pamutu, agogo akufotokozera mzere wonse mbiri ya khutu langa, ine ndikufuna kulowa pansi. Adokotala anali mayi wa mawu otsika kwambiri, moti mwa anthu atatu amene tinalowa, anamva ndi abambo okha. Anatsuka makutu onse awiri mosamala, kuunika m'katimo ndi katochi kokhala ndi kamphuno, n'kujambula papepala kuti tonse tione. Anati m'kati mwa khutu muli kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera mawu akalowa. Matenda a chimfine akalowa kuseri kwake mafinya amadzaza, kachikopako n'kuboka. Kakaboka, chilichonse chimene mwathira chimalowa m'kati mwenimweni: mafuta, madzi a m'ngalande, madzi a masamba, dothi la pa nthenga. Lakumanja linali ndi bowo lalikulu ndipo linali litawonongeka kwa nthawi yaitali. Lakumanzere linali litatupa, mafinya atadzaza kuseri, koma tinali titafika nthawi idakalipo.

Anatipatsa mankhwala akumwa ndi ena odonthetsera. Anaphunzitsa abambo kupota kansalu koyera kofewa, kukaika pakhomo pa khutu kuti kamwe mafinya, kuchotsa, kuika kena mpaka pouma, kenako n'kudonthetsa mankhwala. Anati madzi asalowe posamba, kusambira ndisiye, ndipo m'khutu musalowe nthenga, machesi, chipanero cha tsitsi kapena mafuta. Anati m'kalasi ndizikhala kutsogolo, khutu lakumanzere kuloza kwa aphunzitsi, ndipo tibwerenso mankhwala akatha. Abambo analemba zonsezo kuseri kwa kope la mwana wina limene linali m'thumba lawo. Agogo anawauza kuti awawerengere mokweza, mfundo imodzi imodzi, akugwedeza mutu ngati ndiwo anyakwawa a chipatala.

Tinabwererako kangapo. Lakumanzere linachira. Ndimakumbukira m'mawa wina ndikusesa pabwalo pamene ndinamva tsache likukhwekhwereza pansi, ndinaima n'kuyang'ana kumbuyo kufuna amene akuchita phokosolo. Lakumanja mafinya anauma patapita nthawi, koma kumva kwake kunabwerera pang'ono chabe, ndipo mpaka lero munthu akandilankhula mbali imeneyo ndimazungulira. Amayi anatola nthenga zonse zimene ankasunga pa mtanda wa denga n'kuziponya pamoto. Abambo sanapepese ndi pakamwa, sanali munthu wotero. Koma nkhani ya ku Dowa sinatchulidwenso, anakalankhula okha ndi aphunzitsi anga, ndipo tsiku lina alendo atabwera, mayi wina atandidzudzula kuti ndikumuyang'anitsitsa, abambo anati, “Musiyeni, ndinamuuza ndine kuti aziyang'ana.”

Chimene chinandipweteka chinachokera kwa agogo omwewo. Nditachira ndinasenza ndowa yanga mosangalala kupita kuchigayo, ndipo nditangoponda pakhomo anandikodola kuti ndibwerere. Anatuluka, kunditula ndowa, n'kuloza mtengo wa mango.

“Iwe malo ako ndi apo. Muno usadzalowenso.”

“Chifukwa chiyani, agogo? Ndachira!”

“Wachira limodzi. Munthu wa khutu limodzi salowa nalo kwa injini. Ine ndinalowa nawo awiri, taona.”

Ndinalira ndi ukali. Malo okhawo amene ndinkadzimva kuti ndine munthu ngati anzanga, tsopano andithamangitsako, ndipo wondithamangitsa ndi mnzanga yemwe! Ndinawanyanyalira sabata yathunthu osawapatsa moni. Iwo sanasinthe. Zaka zonse zimene tinakhala ku Iponga, ankalandira ndowa yanga pa mtengo paja, kukapuntha okha, n'kundibweretsera. Ana ena akamasewera pakhomo pa chigayo ankawathamangitsanso, ndipo anthu ankati nkhalambayo yayamba nkhanza.

Kusukulu ndinayamba kukhoza. Sindinali wanzeru zoopsa, koma ndinasiya kukhala womaliza, ndipo ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera. Abambo anasamutsidwira kufupi ndi Ngara chaka chomwecho, choncho agogo sindinawaone zaka zitatu.

Ndinabwerera ku Iponga pa tchuthi china ndili Fomu 3, nditanyamula shuga ndi sopo zimene amayi anandipatsira. Chigayo chinali chitagulitsidwa, mwini watsopano ataika cha magetsi ndi anthu ake. Agogo ndinawapeza atakhala pa mpando wa ndalema kuseri kwa nyumba, akusoka thumba. Anali atachepa. Akazi awo anandichenjeza pakhomo kuti tsopano samva chilichonse, ngakhale bingu.

Ndiye taonani kupusa kwanga. Ndinali namwali tsopano, wa sekondale, wofunitsitsa kuonetsa kuti ndinaleredwa. Ndinafika chapatali, kugwada, kuzyolika bwinobwino monga amafunira abambo kale, n'kuyamba moni wautali ndi mawu onse othokoza amene ndinawakonza m'minibasi. Ndinalankhula za khutu, za sukulu, za tsiku limene anatseka chigayo. Ndinamaliza. Nditadikira kwa kanthawi ndinamva mawu aja, okuwa ngati kale koma osweka.

“Tiyamike, iwenso? Dzutsa mutu, ndione mawu ako.”

Ndinadzutsa mutu. Anali akundiyang'ana pakamwa, akudikira, singano ili m'manja. Zonse zimene ndinakonza zinabalalika. Ndinasendera pafupi mpaka mawondo anga anakhudza thumba limene ankasoka, n'kunena pang'onopang'ono, ndikutsegula pakamwa bwino, mawu amodzi a chilankhulo chawo amene ndinali nawo otsimikiza.

“Ndaga, agogo. Ndaga.”

Anagwedeza mutu. Kenako analoza khutu langa lakumanzere.

“Likugwira?”

“Likugwira.”

“Lisunge,” anatero, n'kubwerera ku thumba lawo.

Anamwalira chaka chotsatira ndili mkati mwa mayeso, ndipo maliro sindinapite. Zimandiwawabe.

Lero ndimagulitsa mpunga mumsika wa ku Karonga boma, choncho zigayo sindinasiyane nazo. Ndimafika ndi matumba anga, kuwatula pakhomo, n'kukadikira patali. Amene amagaya amandidziwa kuti ndine mayi wovuta uja, chifukwa ndikaona munthu ali pa makina makutu ali pululu, sindimusiya. Zotsekera makutu zilipo masiku ano, eni zigayo ena amagula n'kuzipachika pa msomali, anthu n'kumati zimatentha. Ndimawauza za nyenje za agogo a Mwaisango. Ena amavala, ena amandiseka ndikatembenuka, kaya zawo izo. Ana anga atatu sanalaweko nthenga m'khutu, ndipo wina akangoti khutu likuwawa, mawa lake tili pabenchi ya chipatala, ngakhale msika utakhala wotentha bwanji.

Nditakwatiwa, apongozi anga aakazi anadandaula kwa mwana wawo kuti mkazi wabwera naye ndi waulemu ndithu, koma ali ndi maso ouma. Ndinapita ndekha kukawafotokozera, ndipo tinamvana. Mwambo sindinautaye. Wamkulu akandiitana ndimagwada mpaka pansi, manja pamodzi, monga anandiphunzitsira amayi. Koma mutu ndimadzutsa, ndipo ndimamuyang'ana pakamwa mpaka amalize.